Dzina la Amalume pa Pepala la Nyumba Yanu

Amayi anga,

Kodi kumene muliko mukupeza bwanji? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inaleka kutupa, ndipo ngati kumeneko kuli kwaya ndiye kuti munalowa kale, mwayambanso kudzudzula anzanu okoka nyimbo. Kuno tilipo ndithu. Mphepo ya Ogasiti yafika ndi fumbi lake, moti ndikulemba nditatsindira pepala ndi chigongono. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu ya ku Chamama, pamalo pomwe munkayala mphasa posankha mtedza.

Ndiyambe ndi zokoma. Mdzukulu wanu Tiyanjane, mwana wanga uja, anachira mu Epulo, mwana wamkazi. Dzina tinam'patsa lanu, Elesi, ndipo mwina tinalakwitsa, poti watengera ndi mtima womwe: bere likachedwa pang'ono, mudzi wonse umadziwa. Mlongo wanga Yosefe akadali ku Mzuzu ndi minibasi ya eni ake. Ananenepa, ndipo foni amaimba kwambiri akamva kuti fodya wanga wapita ku okushoni. Mtengo wanu wa mango wa kuseri uja wachita maluwa ochuluka chaka chino. Nkhuku zinatha ndi chitopa, kunatsala tambala mmodzi wopanda ntchito amene amangodya ndi kudzutsa anthu.

Fodya anachita bwino pang'ono, soya ndiye anandichititsa manyazi. Koma vuto langa mukulidziwa, Amayi: ndimalima m'minda ya lendi. Ukathira manyowa zaka ziwiri, nthaka ikayamba kumvera, mwini wake amakumbukira kuti ali ndi mwana wofuna munda. Chimwalirireni inu, zaka zinayi tsopano, chigafa ndasamutsa katatu. Kuzula mitengo, kukumba mayenje ena, kumweta udzu wina, zonsezo chifukwa chosowa pangapanga. Ndatopa nako kunenepetsa minda ya eni.

Tsopano khalani pansi, pakuti nkhani yaikulu ndi iyi: nyumba yanu ndikugulitsa. Musanayambe kundiloza chala, imvani kaye chifukwa chake. A Mbewe aja amene anagula munda wathu wa kudambo, kwathu ku Simlemba, chaka cha njala chija bambo akudwala, akusamukira kwa ana awo ku Lilongwe. Anabwera okha kudzandipeza. Anati, "Ndayamba ndi inu, mayi, chifukwa ndinaona m'mene amayi anu analirira tsiku lomwe ankandilozera malire. Koma mvula yoyamba ikamagwa ndikhale nditapita. Pali wina wa ku esiteti akuufuna, ndipo ameneyo sachedwa." Munda uja, ndi dimba lake losaphwa madzi, ukhoza kubwerera m'manja mwathu. Ndipo ndilibe china chogulitsa chofika pamenepo koma nyumbayi.

Nyumbayi mutaiona lero mukhoza kuipitirira. Malata adzimbiri aja, amene ankatichititsa kutchera mabeseni mvula ikamagwa, ndinachotsa. Pansi ndinathira simenti, za kuzira zinatha. Makoma ndinamata pulasitala ndi kupaka penti wobiriwira, kuseri ndinawonjezera zipinda ziwiri ndi bafa, ndipo magetsi analowa. Fodya wa zaka zitatu anathera m'menemu. Ndinkakonza kuti ndidzakalambiremo, osati kugulitsa, ndiye musaganize kuti sizikundipweteka. Zikundipweteka kwambiri. Anzanu a kuchigwirizano akuti Dolika wapenga, akusiya nyumba ya magetsi kubwerera kokolezera nyali. Ndimangowasekerera. Nyumba sindingaidye, ndipo ndinu nomwe munkati munthu wopanda munda ndi mlendo ngakhale kwawo.

Wogula anapezeka msanga, namwino wina amene akupuma ntchito chaka chino, a NyaGondwe, ochokera chakumpoto uko. Anazungulira nyumba yonse, kugogoda makoma, kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi, kenaka anakhala pansi n'kutulutsa pepala m'chikwama. Chichewa chawo chimasakanikira ndi Chitumbuka. Anati, "Mama, nyumba njiwemi chomene, ndaikonda. Kweni ndalama zina ndikutenga ku banki, ndipo a banki sagula penti yayi. Amagula mapepala." Ndiye anayamba kundiwerengera: setifiketi ya imfa yanu, kalata ya ku khoti yosonyeza kuti ine ndi amene ndikuyang'anira chuma chimene munasiya, lizi yosonyeza mwini puloti, malisiti a msonkho wa malo, pulani ya zipinda zatsopano yokhala ndi chidindo cha khonsolo, ndiponso pepala la munthu amene analumikiza mawaya a magetsi. Ndinkayesa kuti kugulitsa nyumba n'chimodzimodzi kugulitsa ng'ombe: mboni ziwiri, kalata ya amfumu, kugwirana chanza, basi.

Ndinakoka bokosi lanu lachitsulo lija kunsi kwa bedi. Chichitikireni maliro ndinali ndisanalitsegule. Fungo la sopo wanu linandikhazika pansi, ndipo ndinayamba ndalira kaye ndisanagwire kanthu. Mapepala ndinawapeza m'jumbo ya shuga, mutawakulunga m'bulauzi yanu yakale ya chigwirizano. Munthu wosadziwa kuwerenga inu, koma simunataye lisiti ndi limodzi lomwe. Onse anali pamodzi, omangidwa ndi ulusi wosokera fodya. Lizi inali pansi penipeni. Dzina lolembedwa pamenepo linali la mlongo wanu, amalume a Yohane, ndipo malisiti onse analinso m'dzina lawo.

Dzinalo ndinaliona, koma sindinade nkhawa. Nkhani yake ndinakula nayo. Dzinja munkalima kumudzi, chilimwe munkabwera kuno kudzagulitsa tiyi ndi zitumbuwa kwa anthu odikira malole a fodya, mpaka munapeza malo ano. Itafika nthawi yolembetsa, munatuma amalume. "Ku boma kumapita mwinimbumba," munkatero. "Ine ndikakaima pamaso pa anthu a mataye ndikanena chiyani?" Bambo, pokhala mkamwini, anati za malo a akazi awo sizikuwakhudza. Amalume anavala jekete, anakwera njinga, ndipo atafunsidwa dzina anatchula lawo. Panalibe chinyengo, ndi m'mene zinkachitikira. Ndipo ndani ku Chamama kuno sadziwa kuti iyi ndi nyumba ya Naphiri? Ngakhale a kabaza akamalozera mlendo njira amati mukhotere pa Naphiri.

Choncho ndinayamba ndi mapepala enawo. Amayi, msewu wa ku boma ndauyenda mpaka makondakitala akundidziwa dzina. Setifiketi ya imfa inanditengera maulendo atatu. Tinakuikani anthu onse akuona, abusa analalikira, kwaya inaimba, koma boma linali lisanamve kuti munapita, ndipo ndinachita kukaliuza ndi makalata. Kalata ya ku khoti inafuna kuti Yosefe abwere adzasaine kuti akuvomereza. Anabwera, anasaina, anadya nkhuku imene ndinachita kugula kwa aneba, n'kubwerera. Wa magetsi uja anali atasintha nambala ya foni, ndinakam'gwirira pamaliro a munthu wina, ndipo ndinam'dikira mpaka mwambo utatha. Pepala analemba, ngakhale ankadabwa kuti ndikufuniranji umboni wa magetsi oti akuyaka.

Pa pulani ndiye ndinadzichititsa manyazi ndekha. Pomanga zipinda zija, mmisiri wanga anandiuza kuti, "Mayi, kuno ndi ku Chamama, si ku Lilongwe. Pulani ili m'mutu mwangamu." Ine ndinaseka naye, ndinaona ngati wandipeputsira ntchito. Atabwera wa khonsolo ndi tepi yake, anayeza, anapukusa mutu, nati zipinda ziwirizi kwa iwo kulibe. Ankanena zimenezo ataima m'kati mwa chimodzi. Ndiye pafunika kujambulitsa pulani ya chinthu chomangidwa kale, kulipira chindapusa, ndi kudikira chidindo. Ndinamva mawu anu m'khutu, akuti safunsa anadya phula. Phula limenelo ndalidya ndithu, ndipo palibe woti ndim'namizire.

Koma zonsezo zinali zazing'ono. Tsiku lomwe ndinapita ku ofesi ya za malo, nditanyamula mapepala anga monyada, mayi wa padesiki anawasanja, anawerenga lizi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kodi a Yohane ndi ndani?"

Ndinafotokoza zonse, za njinga ndi jekete zomwe. Anandimvetsera bwinobwino, kenaka anati, "Mayi, ine ndikukukhulupirirani, koma pepala ili silikuwadziwa amayi anu. Kalata yanu ya ku khoti ikukupatsani chuma cha malemu, ndipo nyumba iyi, malinga ndi lizi, si ya malemu. Amalume anuwo ali moyo?"

Ndinati ali moyo, koma akalamba.

"Ndiye fulumirani. Akalumbire pamaso pa woweruza kuti nyumba ndi ya mlongo wawo, asaine kuti akuipereka. Akatisiya asanatero, nyumbayi ilowa m'chuma cha ana awo."

Ndinatolera mapepala anga n'kutuluka. Ndinakhala pamwala kunja kwa ofesiyo ndikuyang'ana jumbo yanu ya shuga. Zaka zonsezi munkasunga mapepala amenewa ngati mazira, osadziwa kuti akunena za munthu wina. Ndinakukwiyirani pang'ono, ndikuuzeni zoona. Kenaka ndinakumbuka kuti inenso ndinathira simenti ndi penti osayamba ndatsegula bokosi.

M'mawa mwake ndinakwera ya ku Simlemba. Apa ndiulule tchimo langa: chiikireni inu m'manda, amalume ndinali nditakawaona kawiri kokha. Ndinawapeza atakhala padzuwa, atafunda bulangete masanasana. Maso anachita ng'ala, ndipo nzeru zimabwera n'kumapita. Lero akudziwa, mawa akufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Amene amawasamala ndi mwana wawo Lameki, msuweni wanga uja ankanditcha mkazi wake tili ana, inu n'kumamuuza kuti ayambe wagula nsapato. Ndi iye amene amawasambitsa, kuwameta ndi kuwatengera kuchipatala.

Nditafotokoza chimene ndinabwerera, Lameki sanaseke monga kale. Anati, "Msuweni, nyumba ija ndinaiona mwezi wathawu. Yakongola. Ndipo bambo amanena okha kuti ali ndi nyumba ku Chamama. Pepala likuti ndi yawo, iwo akuti ndi yawo, ndiye ine ndikane bwanji?"

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Pamene inkadontha inali ya azakhali ako, lero yapakidwa penti yasanduka ya bambo ako? Unabwerapo ndi msomali umodzi wokha?"

"Nanga iwe unabwerapo kuno ndi kasopo komwe kodzawachapira?"

Apo sananame, Amayi.

Ndinakhala kumeneko masiku asanu. Ndinachapa mabulangete, ndinawaphikira phala, ndinawadula zikhadabo. Poyamba ndinkachita kuti Lameki aone, sindibisa, koma pofika tsiku lachitatu ndinkachita chifukwa manja awo ndi ofanana ndi anu. Ndinazindikiranso kuti m'mawa, akamwa tiyi, mutu wawo umagwira bwino. Amatchula mayina a ng'ombe za agogo, amafunsa ngati feteleza wafika, amaseka ndi anthu. Dzuwa likafika pamutu zonse zimabalalika. Mnzanga wina anandinong'oneza pafoni kuti ndingopeza inki, Lameki akapita kudimba ndiwadinditse chala, nkhani ithe. Ndinakana. Sindingabe chala cha munthu wodwala, ngakhale chinthucho chili changa. Munda wobwera mwa njira imeneyo inu simungaufune.

Tsiku lina ndinatsetserekera kudambo kukauona mundawo. A Mbewe mphamvu zinawathera, mbali ya kumtunda yamera tchire, koma nthaka ikadali yakuda. M'dimba madzi akuyenda, mwezi uno wa fumbi. Ndinaima pachulu pomwe munkatikhazika ine ndi Yosefe kuti tiziingitsa mbalame, ndipo m'mutu ndinali nditagawa kale: apa nazale, apo chigafa chosasamukanso, kumunsi tomato ndi mpiru. Ndinatola dothi ndi kulifikisa m'manja. Pamenepo ndinadziwa kuti sindibwerera m'mbuyo, zivute zitani.

Tsiku lachisanu ndinamuitanira Lameki m'chigafa chake. Ndinati, "Tisakokanekokane mpaka odyerera akhale maloya. Tiwatenge bambo tonse awiri, akanene okha pamaso pa woweruza. Ine sindiwauza chonena, iwenso usawauze. Akakati nyumba ndi yawo, makiyi ndikupatsa pompo." Ankadziwa kuti masana aliwonse amalume amati "nyumba yanga ya ku Chamama", ndiye anavomera. Nditatuluka m'chigafamo ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinali nditaika fodya wa zaka zitatu, nyumba yanu ndi munda womwe m'mutu mwa nkhalamba imene nthawi zina imaiwala kuti yadya kale. Koma njira ina yopanda manyazi sindinaione.

Tinapita Lachiwiri lapitali. Galimoto ndinachita hayala kuti tifike m'mamawa, mutu wawo ukugwirabe. Amalume tinawaveka jekete, tinawapesa, anaoneka ngati mkulu wa mpingo. Koma ku khoti sikuli ngati kuchigayo, kuti woyamba kufika ndiye woyamba kugayitsa. Panali mlandu wa mbuzi, panali banja lolekana, ife tili pabenchi. Naini inakwana, teni inadutsa. Ndinkayang'ana mthunzi wa khoma ukufupika. Ndinawagulira tiyi kwa mayi wa pageti, anamwa theka. Cha m'ma leveni anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Kodi basi ya ku Simlemba ibwera nthawi yanji, mayi?" Sankandidziwanso. Lameki anamva, ndipo anayang'ana kumbali. Ndinapemphera chamumtima, osati pemphero lokongola ayi. Ndinangoti Ambuye, mphindi zisanu zokha.

Tinaitanidwa dzuwa lili pamutu. Woweruza anali mayi wamng'ono kwa ine, wolankhula mofatsa. Anawafunsa dzina, anayankha. Anawafunsa mudzi, anatchula. Anawafunsa kuti abwera ndi yani, anati ndi mwana wawo Lameki. Atafunsidwa za ine, anati, "Talankhula, iwe." Ndinati, "Ndine Dolika, amalume." Nkhope yawo inamasuka. "Aa, wa Naphiri." Ndiye woweruza anawawerengera lizi pang'onopang'ono n'kufunsa kuti, "Agogo, nyumba ya pa puloti imeneyi ndi yanu?"

Amayi, nthawi imeneyo ndinkamva njinga zamoto kunja pamsewu. Kenaka amalume anaseka, kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa.

"Ine nyumba ya njerwa ndikanaitenga kuti? Njerwa zija anaumba ndi Naphiri, ali ndi pakati pa mwana uyu. Madzi ankasenza yekha. Ine ndinangomubwereketsa dzanja. Kwathu sukulu anatumiza ine, iye anatsala akulera ang'ono athu, ndiye cholembera chinali kwa ine. Koma nyumba ndi yake."

Lameki anati, "Bambo, mwaiwala. Si paja mumati ndi yanu?"

Iwo anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo. "Ndimati yanga chifukwa ndinkagona m'menemo pobwera kudzagulitsa fodya, ndipo sanandiwerengerepo chakudya. Zambiri ndaiwala, mwana wanga, koma za mlongo wanga usandiphunzitse."

Woweruza anafunsanso kawiri, mozungulira, kuti aone ngati akumvetsa chimene akuchita, ndipo yankho silinasinthe. Atawapatsa cholembera, mzere sanauone. Munthu amene munam'tuma chifukwa chodziwa kulemba anachita kudinda chala. Amene anawagwira dzanja kuwalozera pamalo pake anali Lameki yemweyo.

Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Lameki sanandilankhule, ndipo sindikudziwa ngati adzasekanso nane. Ndinamuona akuwanyamula bambo ake kuwakweza m'galimoto, akuwakonzera jekete, ndipo manyazi anandigwira. Iye si wakuba, Amayi, ndi munthu wotopa amene anaona ngati wapeza popumira. Ndinamuuza kuti munda ukabwerera ndidzakhala pafupi, amalume tizidzasinthana, sabata kwa iye, sabata kwa ine. Sanayankhe. Munkati chibale ndi fupa, sichiola, ndiye ndidzachita ndithu kaya ayankhe kaya asayankhe.

Ntchito sinathe. Lolemba ndikupita ku ofesi ya za malo kukasiya kalata ya lumbiro kuti dzina lisinthidwe, ndipo akuti zimenezo sizithamanga. Chidindo cha khonsolo sichinatuluke. A NyaGondwe akudikira moleza mtima, koma a banki sanaone mapepala onse. A Mbewe anandiimbira dzana kufunsa kuti tili pati, ndinawauza zoona zokhazokha, ndipo anati akadali pa mawu awo. Anthu ayamba kale kusalaza malo a nazale, ndipo mukudziwa kuti nazale ikamera mvula sikhala kutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, munkatero, wa pachala ndi wa mphepo. Munda ukadali pachala. Choncho sindikhala pansi. Ofesi iliyonse azindipeza pakhomo asanatsegule, mpaka atope nane.

Yosefe atamva kuti zayenda, anaimba foni. Akuti za munda ndisavutike nazo, adzabwera iye monga mwinimbumba kudzalembetsa. Ndinam'thokoza bwinobwino, ndipo ndinam'kanira. Sindikumuganizira choipa, monganso inu simunawaganizire choipa amalume. Koma Yosefe adzakalamba, ali ndi ana ake, ndipo sindifuna kuti Tiyanjane adzakhale pabenchi ija. Adzabwere ngati mboni, nkhuku yake idzaphedwa. Ku ofesi ndikaima ndekha, ndipo akakafunsa dzina ndikatchula langa.

Pobwerera tsiku lija, tikudutsa m'minda ya fodya yotsala mapesi okhaokha, amalume anadzidzimuka kutulo n'kundigwira pabondo.

"Nanga Naphiri bwanji sanabwere yekha? Nkhani yake yomwe."

Pamaliro anu analipo, anathira dothi ndi dzanja lawo, koma zimenezo zinawachoka. Amene anayankha ndi Lameki, osandiyang'ana.

"Atanganidwa, bambo."

Iwo anagwedeza mutu. "Amatanganidwadi ameneyo. Iwe Dolika, ukamuuze kuti nyumba yake ndabweza. Ndachedwa nayo, asandikwiyire."

Ndinawalonjeza kuti ndikuuzani, ndiye ndakuuzani, Amayi. Nyumba yanu abweza, ngakhale kuti ingodutsa m'manja mwanga. Musawakwiyire, ndipo inenso musandikwiyire poigulitsa. Ndikukulonjezani kuti mvula ya chaka chino ikandipeza m'munda mwanu, khasu lili m'manja.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi mtima wonse,

Dolika